Uthenga wa Akatolika ku Neno: kuchokera pa belu kufika pa WhatsApp

Mu July 1901, ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prezeau ndi Anton Winnen, adafika ku Nzama m'boma la Ntcheu, m'dziko la mfumu Njobvuyalema. Patapita zaka zisanu, mu 1906, amishoni a chipani chomwechi adatsata mtandadza wa mapiri a Kirk kulowera kummwera nakatsegula mishoni ku Neno. Pa nthawiyo ku Blantyre ndi ku Limbe kudalibe mishoni ya Katolika. Anthu a m'tauni akamatchula Neno lero amangoganiza za msewu wovuta, manachesi ndi makala, osadziwa kuti parishi ya kumeneko ndi imodzi mwa maparishi akale kwambiri mu arkidayosizi ya Blantyre. Mkulu wake ndi Nguludi, wa mu 1903.

Njerwa adaumba, denga adafolera, belu adapachika. Koma belu limamveka pokhapo pamene mphepo yalifikitsa, ndipo Neno ndi dziko la zitunda ndi zigwa. Mawu akadachoka bwanji pamishoni kukafika kuseri kwa mapiri a kwa Dambe, kapena kutsikira kuchigwa chotentha cha Lisungwi, mitsinje itadzaza m'dzinja? Funso limeneli lakhala likuvutitsa mpingo kwa zaka zoposa 100, ndipo nkhani ya Facebook ndi WhatsApp pakati pa Akatolika a kuno siingamveke bwino tikapanda kuyambira pamenepo.

Yankho loyamba lidali miyendo ya aphunzitsi. Amishoni ankatsegula timasukulu ta udzu m'midzi, ndipo mphunzitsi wa pasukulupo ndiye ankakhalanso mkatekisiti: m'mawa ankaphunzitsa ana kuwerenga, madzulo katekisimu, Lamulungu n'kutsogolera mapemphero. Wansembe akakonza ulendo woyendera nthambi, uthenga unkatsogola ndi munthu wapansi. Mphunzitsi akangomva kuti Bambo afika Lachitatu, ankalengeza khomo ndi khomo kuti ofuna kulapa akonzeke, a ana oti abatizidwe abwere ndi makolo a ubatizo, a ukwati aitane ankhoswe. Munthu akadwala mwakayakaya, mnyamata wamphamvu ankauyatsa ulendo usiku kukagogoda kunyumba ya ansembe. Nthawi zambiri wansembe ankafika n'kupeza anthu akuchokera kumanda. Njinga yakapalasa itabwera, kenako yamoto, maola adachepako, koma dongosolo silidasinthe: panali munthu wodziwika dzina ndi nkhope amene ankanyamula mawu, ndipo akalakwitsa tsiku anthu ankadziwa womufunsa.

Kenako padabwera mapepala. Magazini ya Moni idayamba kusindikizidwa ku Limbe mu 1964, Baibulo la Chikatolika la Malembo Oyera lidatuluka mu 1966, ndipo ku Likuni kunkachokera nyuzipepala ya Odini. Ku Roma nako maganizo ankasintha. Pa 4 December 1963, msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata cha Inter Mirifica cholimbikitsa mpingo kugwiritsa ntchito nyuzipepala, wailesi ndi kanema, ndipo mu 1967 lidayamba tsiku la chaka ndi chaka lokumbukira zofalitsa mauthenga. Kumadera ngati Neno, magazini inkafika mochedwa m'chikwama cha wansembe wochokera ku Blantyre, ndipo imodzi yomweyo inkazungulira mudzi wonse mpaka chikuto kuthothoka. Wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake mokweza.

Chinthu chachikulu koposa m'mbiri imeneyi sichidafune magetsi kapena makina. M'zaka za m'ma 1970, Ambuye Patrick Kalilombe, amene adali episkopi wa Lilongwe, adalimbikira kuti mpingo ugawike m'timagulu ting'onoting'ono ta mabanja oyandikana, ndipo maepiskopi a kum'mawa kwa Africa a m'bungwe la AMECEA, pa misonkhano yawo ya mu 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti imeneyi ikhale njira yaikulu yoyendetsera mpingo. Apa mpamene padabadwira miphakati, imene madera ena amaitcha malimana. Mphakati uli ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Umakumana pakhonde la munthu kapena pansi pa mtengo wa mango, kuwerenga Mawu a Mulungu, kukambirana za odwala, za maliro, za mtulo ndi masika, za mwana woti abatizidwe. Wofuna sakramenti amayambira kumphakati, kalata n'kupita kunthambi, kuchoka apo kuparishi. Zolengeza za bambo mfumu zimatsika ndi makwerero omwewo.

Ndikuona kuti amene amalemba za intaneti ndi mpingo sapatsa miphakati ulemu wokwanira. Zaka 30 Facebook isanabadwe, Akatolika a m'Malawi muno adali atalumikizana kale m'dongosolo loti mawu ochoka kwa episkopi ankatha kufika pamkeka wa gogo wa kumudzi m'sabata imodzi, ndipo dandaulo la gogoyo linkatha kukwera mpaka kuparishi.

Mphamvu ya dongosololi idaoneka pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Tsiku limenelo kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse lino. Inkadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndi kutseka anthu pakamwa, zinthu zimene mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda munthu sankazitchula ngakhale kuchipinda. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a amishoni a Montfort, makope 16,000 m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo idafika m'maparishi apolisi asanadzidzimuke. Boma lidalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, adaitanidwa kupolisi, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche a ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno mu April. Koma madzi adali atatayika kale. Anthu ankaijambula pa fotokope mobisa n'kumapatsirana, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi adavota pa referendamu kusankha ndale za zipani zambiri.

Chimene chidapatsa kalata ija mphamvu n'choyenera kuchikumbukira lero. Idali ndi mayina a oilemba pansi pake. Idawerengedwa ndi wansembe kapena mkatekisiti amene anthu ankamudziwa, ataimirira pamaso pawo, akudziwa kuti mawa lake akhoza kutengedwa. Womvera sankafunsa kuti kodi zachokera kuti.

Ufulu wa ndale utabwera, zitseko zoulutsira mawu zidatseguka. Ku Balaka, Montfort Media idayamba magazini ya The Lamp mu 1995. Radio Maria Malawi idayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Mangochi mu 1999, ndipo mpaka pano imadalira zopereka za omvera ake, makamaka pa nyengo ya Mariatona. Kudabwera Radio Alinafe ku Lilongwe, Tigabane ku Mzuzu, Tuntufye ku Karonga, ndiponso Luntha TV ku Balaka mu 2007. Kwa mkhristu wa kunthambi imene wansembe amafikako kamodzi pa miyezi ingapo, wailesi idali mpumulo weniweni. Nkhalamba yosatha kuyenda inkatha kumva Misa ndi kupemphera kolona pamodzi ndi anthu ena, bola mabatire alipo. Komabe wailesi imayankhula kwa onse nthawi imodzi. Siingalengeze kuti kwaya ya nthambi yakuti isakumane Lachisanu chifukwa mtsinje wadzaza.

Ku Roma zinthu zinkathamanga. Vatican idatsegula tsamba lake la pa intaneti pa Khirisimasi ya 1995. Mu November 2001 Papa Yohane Paulo II, yemwe uja adacheza m'Malawi mu May 1989, adatumiza chikalata kwa maepiskopi a ku Oceania pongodina batani la kompyuta. Papa Benedikito XVI adalemba uthenga wake woyamba pa Twitter pa 12 December 2012, Papa Fransisko adalowa pa Instagram mu March 2016, ndipo mu January 2019 adaonetsa anthu pulogalamu ya pa foni yopempherera yotchedwa Click To Pray. Zonsezi n'zabwino, koma zambiri zidakonzedwera munthu wodziwa Chingerezi kapena Chitaliyana, wokhala ndi intaneti yosadukiza.

Kuno njira idali ina. TNM idayamba mu 1995 ndipo Celtel, imene idadzakhala Zain kenako Airtel, idabwera mu 1999, koma padatenga zaka kuti nsanja za netiweki zifike kumapiri. Neno weniweniyo adangokhala boma payekha mu 2003, atachotsedwa ku Mwanza. Foni zoyamba kufika m'midzi zidali za mabatani, ndipo ntchito yake yaikulu idali kufulasha: kuliza kamodzi n'kudula, kuti wa mayunitsi ayimbe. Ngakhale zidali choncho, mnyamata uja wothamanga usiku kukaitana wansembe adapuma. Panatsala kukwera pachulu kapena pachitunda pamene netiweki imagwira.

Chimene chidasintha moyo wa magulu a mpingo ndi WhatsApp. Idayamba mu 2009, koma kwa ife chaka chofunika ndi 2013, pamene idalola anthu kutumiza mawu ojambula. Kuyambira pamenepo, munthu wosadziwa kulemba bwino adatha kulankhula m'Chichewa chake, mnzake n'kumva. Makampani a foni atayamba kugulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha, otsikirako mtengo, ndiponso mafoni otachatacha otchipa atadzaza m'misika, magulupu adabuka ngati bowa mvula yoyamba itagwa: gulupu ya khonsolo ya parishi, ya kwaya, ya Amayi Achikatolika, ya abambo, ya achinyamata, ya Alejio, ya owerenga Mawu, ya alangizi a Atilitonse. Taonani mayinawo. Palibe gulu latsopano pamenepo. Onse ndi mabungwe amene adalipo kale, okhala ndi malamulo awo ndi atsogoleri awo, ndipo foni idangowapatsa njira yachidule.

Pitani pa mphakati wa kumudzi tsiku la msonkhano. Amayi akhala pamkeka atavala zitenje za mpingo, abambo ochepa ali pa timipando, ana akusewera kumbali. Pa anthu onsewo, mafoni okhala ndi WhatsApp mwina ndi awiri. Mapemphero akatha, wapampando amatembenukira kwa mlembi: “Alembi, kuparishi akuti bwanji?” Mlembi amatulutsa foni yong'aluka galasi m'kathumba ka pulasitiki kamene amaitetezera ku fumbi, n'kuphimba ndi dzanja kuti dzuwa lisamuthobwe, n'kuyamba kuwerenga mokweza chithunzi cha kalata ya bambo mfumu, akuchikulitsa ndi zala ziwiri. Gogo wina amati, “Tabwerezani pa tsikupo, mwanawe, sindinamve.” Mlembi amabwereza. Uthengawo wayenda makilomita ambirimbiri m'kamphindi, koma mamita asanu omalizawo wayenda monga momwe Moni inkayendera mu 1964, pakamwa pa munthu wodziwa kuwerenga.

A kwaya ndiwo apindula kwambiri. Kale mphunzitsi wa kwaya ankayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukaphunzira nyimbo yatsopano, n'kubwera ataiwala mawu a tena. Lero mnzake wa ku Limbe kapena ku Balaka amamujambulira liwu lililonse palokha, soprano, alto, tena ndi besi, n'kumutumizira. Amene alibe intaneti amapita ndi memori khadi kwa anyamata owotcha nyimbo pamsika. Nkhani za maliro nazonso zimayenda msanga, ndipo chipepeso chimasonkhedwa pa Airtel Money kapena Mpamba, mayina a opereka n'kumalembedwa pagulupu kuti aliyense aone. Ana a kuno amene adadutsa pachipata cha Mwanza kupita ku Johannesburg kapena Cape Town kukafuna maganyu sadachoke kwenikweni mumpingo wa kwawo. Amaona zithunzi za tchalitchi chimene chikumangidwa, amatumiza ya malata, ndipo amafunsa ndithu ngati malatawo sakuoneka padenga. Asungichuma ena zimenezi sizikuwasangalatsa, koma ine ndimati n'zabwino.

Mliri wa Covid-19 udafulumizitsa zonsezi. Pa 20 March 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa, ndipo pa 2 April odwala oyamba adapezeka. Pa 27 March, dziko lonse lapansi lidaona Papa Fransisko akupemphera yekha pabwalo la St Peter mvula ikugwa. Kuno Radio Maria ndi Luntha TV zidakhala tchalitchi cha ambiri, ndipo maparishi a m'tauni adayamba kuonetsa Misa pa Facebook. Kumudzi, kuonera Misa ya ola limodzi ndi theka pa foni kukadatha bandulo ya mwezi wonse. Chimene chinkatheka ndi kulandira mawerengo a tsikulo ndi ulaliki waufupi wojambulidwa, banja n'kupemphera pakhomo. Mpingo udanena kale, m'chikalata cha mu 2002 chonena za Eklezia ndi intaneti, kuti pa intaneti palibe masakramenti. Munthu sangalape pa foni, sangalandire Ukaristia pa Facebook. Mliri utachepa anthu adabwerera m'matchalitchi, koma magulupu adatsala, ndipo adachuluka kuposa kale.

Tsono tisadzinamize kuti aliyense ali m'katimo. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 138,000 m'boma la Neno. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti m'dziko lonse mabanja okhala ndi foni ya m'manja adali pafupifupi theka, ndipo ogwiritsa ntchito magetsi adali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse, ambiri mwa iwo a m'tauni. Zimandipweteka kuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire ku Nkula ndi ku Tedzani, m'malire mwenimweni mwa Neno, pamene mlembi wa mphakati amayenda wapansi kupita pamsika kukalipira yotchajira foni pa shopu ya sola, pomwe mafoni amandandalikidwa pathebulo iliyonse ndi kapepala ka dzina. Batire ikatha, mphakati wonse sumva za kuparishi. M'mabanja ambiri foni yabwinoyo ndi ya bambo, chonsecho odzaza tchalitchi ndi amayi. Ndipo pali chizolowezi chimene chayamba kumera mizu: nkhani imakambidwa n'kutha pagulupu usiku, mawa lake pamsonkhano atsogoleri n'kungoti, “Zimenezi tidagwirizana kale.” Adagwirizana ndani? Mayi amene wakhala akusesa tchalitchi zaka 40 alibe foni, ndiye kuti liwu lake latayika pa nkhani ya mpingo wake womwe. Ambuye Kalilombe sadayambitsire miphakati zimenezi.

Vuto lina ndi la mauthenga opanda mwini. Pagulupu pamagwa chilichonse: pemphero lolamula kuti ulitumize kwa anthu khumi apo ayi tsoka likugwera, mankhwala onama a matenda, mawu oikidwa m'kamwa mwa Papa, chikalata chokhala ndi chidindo chooneka ngati cha maepiskopi koma chopekedwa ndi andale nyengo ya chisankho. Eni WhatsApp adayesako kuchepetsa zimenezi: mu 2018 adayamba kuika chizindikiro pa uthenga wongopatsirana, ndipo mu January 2019 adalamula kuti uthenga usatumizidwe kumalo oposa asanu nthawi imodzi. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za milandu ya pa intaneti. Koma gogo wa pamkeka uja saona chizindikiro chilichonse. Iye amangomva liwu la mlembi wake, limene amalikhulupirira, ndipo bodza likadutsa pakamwa pamenepo limavala ulemu wa mpingo. Makalata a maepiskopi a masiku ano, monga ya mu February 2024 yotchedwa The Sad Story of Malawi, amafika pa foni asanawerengedwe n'komwe m'tchalitchi, nthawi zina ali zidutswazidutswa zimene wina wasankha mogwirizana ndi chipani chake.

Chitsanzo cha momwe zingakhalire bwino chili ku Neno konkuno, ku mbali ya zaumoyo. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene kunja limadziwika kuti Partners In Health, lakhala likugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo m'bomali kuyambira mu 2007. Lili ndi anthu a m'midzi momwemo oyendera mabanja khomo ndi khomo, ndipo lidawapatsa mafoni okhala ndi pulogalamu yotchedwa YendaNafe yolembera za odwala ndi kuwatumiza kuchipatala. Chimene ndikufuna tione apa n'chakuti foni sidangoperekedwa. Wonyamula foniyo adasankhidwa, adaphunzitsidwa, ali ndi womuyang'anira, ndipo nkhani ya kutchaja idaganiziridwa.

Mpingo umadziwa kuchita zoterezi kuposa wina aliyense, pakuti wakhala ukuphunzitsa akatekisiti kuyambira masiku a timasukulu ta udzu tija. Mkatekisiti salalikira asanaphunzire, wowerenga Mawu amayesedwa kaye. Koma adimini wa gulupu, amene tsiku lililonse amasankha zimene akhristu mazanamazana awerenge, nthawi zambiri amakhala munthu amene adangoyamba kugula foni. Mu May 2023 Vatican idatulutsa chikalata cha Towards Full Presence cholangiza akhristu za khalidwe la pa masamba a mchezo, pogwiritsa ntchito fanizo la Msamariya wachifundo, ndipo pa 7 September 2025 Papa Leo XIV adalengeza kuti Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene ankakonza masamba a intaneti ophunzitsa za Ukaristia asanamwalire mu 2006 ali ndi zaka 15, ndi woyera. Achinyamata a ku Ligowe, Matope ndi Zalewa ayenera kumva zimenezi m'Chichewa, pa maphunziro a kuparishi, pamodzi ndi alembi a miphakati.

Zofunika kuchita si zodula. Uthenga uliwonse wochoka kuparishi ukhale ndi dzina la woutumiza ndi tsiku. Nkhani yokhudza ndalama kapena chisankho cha atsogoleri isathere pagulupu isanawerengedwe pamkeka, opanda mafoni n'kuyankhapo. Mlembi aphunzitsidwe kuyimba kaye kuparishi asanawerengere anthu chikalata chimene sakudziwa kochokera. Ndipo poti mlembiyo pakali pano amagula bandulo ndi kulipira yotchajira kuchokera m'thumba mwake, pogulitsa mbatatesi kapena manachesi ake, khonsolo ya parishi ikamakonza bajeti ya chaka chamawa iike ndalama imeneyi pamzere wake, pafupi ndi ya mafuta a njinga yamoto yoyendera nthambi.